Cigayo Cinalankhula, Ife Sitinamve

Kwathu kwa Mwase, m'boma la Lundazi, mlendo safunsa njira ya ku cigayo. Amangoima nachera khutu, ndipo phokoso lokha limamutsogolera. Ife amene tikulemba nkhani ino ndife ana awiri aamuna a bere limodzi, ndipo tinakulira m'kati mwa phokoso limenelo. Atate athu anagwira nchito zaka zambiri m'nyumba yokonzera makina ku migodi. Pamene anapuma, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, anabwerera kumudzi ndi ndalama zao za penishoni nagula cigayo ca injini ya dizilo. Inali nthawi imene boma linayamba kumasula malonda a cimanga ndi ufa, ndipo zigayo zing'onozing'ono zinacuruka m'midzi. Cimanga cacikasu cimene anthu analandira pa cilala ca 1992 cinagayidwa pa cigayo cathuco. Ndico cinatilipirira sukulu, ndico cinafolera nyumba ya amai ndi malata.

Atate sanali munthu wa mau ambiri, koma pa cigayo anali ndi mwambo umene sankauphonya. M'mawa uliwonse injini ikangolira, ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake naigunditsa pa citsulo cosunga beringi, cigwiriro cake nacitsamiritsa pa khutu. Ankakhala conco kanthawi ali citsinzinire, monga acitira dokotala pomvetsera cifuwa ca wodwala. Kenaka ankaika cikhato pa citsulo comweco. Cikhato cikapirira kufikira atawerenga khumi, ndiye kuti zonse ziri bwino. Cikalephera, ankazimitsa injini ngakhale panja patadzaza anthu. Ankatapanso ufa pakamwa pa thumba naufikisa ndi zala. Ufa wokhakhala unkawauza kuti sefa yabooka, ndipo ufa wotentha ndi wocedwa kutuluka unkawauza kuti nyundo za m'kati zatha. Utsi wakuda unkatanthauza kuti injini yalemedwa. Pothira cimanga, dzanja lao linkatsata liu la injini: ikayamba kubuula ankacepetsa, ikapepukidwa ankaonjezera.

"Cigayo sicifa mwadzidzidzi," ankatero atate. "Cimayamba cadandaula, koma cimadandaula m'cinenero cimene munthu wofulumira sacimva."

Phokoso limene linatidyetsa ndilonso linadya makutu ao. Masiku amenewo panalibe woganiza zotseka makutu pogwira nchito. Anayamba kutifunsa kawiri katatu cimene tanena, mpaka tsiku lina anatiitana natipatsa makiyi a cigayo. Sikuludiraiva ija anatipatsanso, koma ife tinaiyesa cida comasulira basi, ndipo tinaiponya m'bokosi pamodzi ndi masipanala.

Tsoka lathu linadza m'mwezi wa July, anthu atatha kukolola. Mzere wa matumba ndi madengu unkayambira pakhomo pa cigayo kufikira patsinde pa mtengo wa mango, ndipo ife tinali ndi ngongole ya feteleza yoti tibweze mwezi usanathe. Lolemba masana, mnyamata amene tinamulemba nchito yothira cimanga anatiuza kuti akumva kaphokoso kacilendo, konga mluzu, kumbali ya lamba. Tinamvetsera ndipo tinakamva ndithu, koma tinati girizi ndiye wacepa. Tinathira girizi, kaphokoso kanabisala kwa ola limodzi, kenaka kanabwerera. Laciwiri mluzu uja unasanduka kukukuta. Tsiku limenelo atate anabwera ndi ndodo yao kudzaceza ndi anthu a pa mzere. Makutu ao sankamvanso kanthu, koma atangotsamira khoma la cigayo nkhope yao inasintha. Analowa m'kati, naika cikhato pa beringi, nacicotsa msanga.

"Zimitsani, ana anga," anatero.

"Atate, taonani anthuwa panjapa. Tiyambe tamaliza mzerewu, Loweruka tidzamasula."

Tinacita kukuwa kuti amve. Iwo anatiyang'ana, nayang'ananso mnyamata uja, natuluka osanenanso kanthu.

Cigayo sicinafike Loweruka. Lacitatu dzuwa litapendeka beringi inagwira, shafuti inapindika, ndipo nyundo imodzi inathyoka. M'kati mwa cigayo nyundo zimazungulira maulendo 3,000 kapena kuposa pa mphindi imodzi, tsono citsulo cothyoka pa liwiro lotere cimauluka ngati cipolopolo. Cinang'amba sefa, cinaboola mbali ya cigayo, ndi kutema mkono wa mnyamata uja. Tinathamanga naye ku cipatala ca ku boma. Anamusoka ndipo mkono unapulumuka, koma zala ziwiri sizipindika mpaka lero. Ufa umene unali m'thumba unadzaza tizitsulo, motero tinautaya ndi kulipira mwini wake. Cigayo cinakhala cete milungu isanu. Amai a m'midzi yozungulira anabwerera ku mtondo ndi munsi, ena ankasenza cimanga ulendo wa maola awiri. Beringi imene tinakana kusintha mtengo wake sunkafika pa mbuzi imodzi, koma kukonza zonse kunatidyera ng'ombe. Akulu anati samva za anzake anamva nkhwangwa iri m'mutu. Cimene cimatiwawa ife ndi cakuti nkhwangwayo inagwera mwana wa eni, yemwenso ndiye anayamba kuticenjeza.

Shafuti yatsopano sinapezeke m'sitolo iriyonse, motero tinayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 180 kupita ku Chipata, kwa mmisiri wina wacikulire wosema zitsulo. Anali mmodzi wa aja amene anakhwimira pa nchito masiku amene fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle mumzindawo. Makina ake, amene amisiri amawacha lathe, amagwira mtanda wa citsulo ndi kuuzunguza, ndipo kampeni kolimba kamaupala pang'onopang'ono kufikira utafika pa muyeso wofunika. Tinakhala tsiku lonse tikumuonerera, ndipo mwa iye tinaona atate athu. Maso ake anali pa zopalidwa za citsulo. Zikamatuluka zopotana bwino ndi zofiirira ngati udzu wouma, ankangokhala phee. Zikayamba kuda ndi kuoneka zabuluu, ankadziwa kuti kutentha kwakula. Nthawi ina makina anayamba kulira mokweza ndi kunjenjemera, ndipo pa citsulo panaoneka timizere tonga mafunde. Pomwepo iye anacepetsa liwiro, nanola kampeni, ndipo kulirako kunatha. Pamalo pokhala beringi anayesa kasanu konse ndi kacipangizo kochedwa micrometer. Anatiuza kuti akaphonya ndi magawo awiri okha mwa magawo 100 a milimita, muyeso wocepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, beringi idzagwedera kapena idzathina, ndipo tidzabweranso kwa iye mvula isanagwe.

Papita zaka zambiri tsopano, ndipo atate anatisiya. Pa maliro ao panabwera mwana wa mlongo wathu, amene anaphunzira za makina ku Northern Technical College ku Ndola, napita kukagwira nchito pa fakitale ina yopanga zitsulo za galimoto kufupi ndi Johannesburg. Usiku, tikuotha moto wa pa maliro, tinamusimbira nkhani ya sikuludiraiva ija ndi manyazi athu. Iye anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati:

"Amalume, zimene ankacita agogo ndi sikuludiraiva ndiyo nchito imene ine ndimalandirira malipiro. Kusiyana kwake ndi kwakuti kumene ndiriko makutu ndi a magetsi."

Tinamupempha kuti atifotokozere, ndipo zimene anatiuza usiku umenewo ndi zimene tinamva pambuyo pake ndizo tikufuna kugawana nanu, abale owerenga.

M'mafakitale amakono makina osema zitsulo sayendetsedwanso ndi dzanja. Amachedwa makina a CNC. Munthu amalemba malangizo a manambala mu kompyuta, kuti kampeni kayambire apa, kalowe mwakuti, kayende pa liwiro lakuti, ndipo makina amatsata malangizowo usana ndi usiku. Makina oyamba a mtundu umenewu anaonetsedwa mu 1952 pa sukulu ya ukacenjede ya MIT ku America, ndipo malangizo ake ankawerengedwa pa lamba woboolaboola. Ubwino wake ndi woonekeratu: citsulo coyamba ndi ca cikwi cimodzi zimatuluka zofanana. Koma panabuka vuto limene poyamba silinaoneke. Makinawa amagwira nchito citseko ciri cotseka, madzi oziziritsa akuwazika ponseponse, ndipo munthu mmodzi amayang'anira makina angapo. Mmisiri atacotsedwa pambali pa makina, anacoka pamodzi ndi khutu lake, diso lake ndi cikhato cake. Kompyuta yongotsata malangizo ndi yogontha. Kampeni kakabuntha siidziwa, kakathyoka imapitirizabe kukankha, mpaka citsulo ca mtengo wapatali, ngakhale makina amene, zitaonongeka.

Ndiye cifukwa cake akatswiri anayamba kupatsa makina ziwalo zomvera, zimene zimachedwa masensa. Pamene mwana wa mlongo wathu ankazichula cimodzicimodzi, ife tinkangoona atate. Kacipangizo kena kamamatidwa pafupi ndi beringi ndipo kamamva kunjenjemera. Imeneyo ndiyo sikuludiraiva. Kena kamayesa kutentha. Cimeneco ndico cikhato, ndipo nkofunika cifukwa pa nsonga ya kampeni kosema citsulo colimba kutentha kumatha kupitirira madigiri 800. Kena kamayesa magetsi amene mota ikukoka, pakuti kampeni kobuntha kamafuna mphamvu zambiri, monga momwe khasu lobuntha limatopetsera mlimi. Kumeneko ndiko kubuula kwa injini. Palinso kena kamene kamaposa munthu aliyense. Khutu la munthu limalekera pa kunjenjemera kwa maulendo 20,000 pa sekondi imodzi, koma citsulo cikamayamba kung'aluka m'kati cimatulutsa timaphokoso ta maulendo mazana a zikwi pa sekondi, ndipo kacipangizo kameneka kamatimva mng'aluwo usanaoneke ndi maso. Nayo micrometer ya mmisiri wa ku Chipata iri ndi mnzake: kacala ka makina kamene kamagunda citsulo mofatsa ndi kuuza kompyuta muyeso wake. Kanapangidwa mu 1972 ndi David McMurtry pamene ankagwira nchito ku kampani ya Rolls-Royce pa injini za ndege ya Concorde.

Koma kumva kokha sikukwanira. Ifenso kaphokoso kaja tinakamva, koma tinakamasulira molakwa. Gawo laciwiri ndilo kuzindikira tanthauzo la cimene camveka. Njira yapafupi ndiyo kuika malire: kunjenjemera kapena mphamvu ya magetsi zikadumpha mzere wakuti, ndiye kuti pali vuto. Njira yatsopano ndiyo kuphunzitsa kompyuta ndi zitsanzo zambirimbiri. Amaionetsa m'mene makina amalirira kampeni kakakhala kakuthwa, m'mene amalirira katayamba kutha, ndi m'mene amalirira katatsala pang'ono kuthyoka, mpaka iyo yokha imatha kunena kuti kampeni aka katsala ndi zitsulo zingati kasanasinthidwe. Pa nchito zambiri kampeni kamayesedwa kotha pamene m'mbali mwake mwadyeka magawo atatu mwa magawo khumi a milimita. Kukasintha nthawi isanakwane ndi kutaya ndalama, kukasintha mocedwa ndi kuononga nchito. Funso limeneli ndi lakale. Mu 1907 Frederick Taylor wa ku America anafalitsa zimene anapeza atayesa kusema zitsulo kwa zaka 26, ndipo anaonetsa kuti kuonjezera liwiro pang'ono cabe kumafupikitsa moyo wa kampeni kwambiri. Kuthamanga sikufika, ngakhale pa citsulo.

Gawo lacitatu ndilo kucitapo kanthu. Makina akamva kuti alemedwa, amacepetsa okha liwiro limene kampeni kakulowera m'citsulo, ndipo akapepukidwa amaonjezera, monga linkacitira dzanja la atate pothira cimanga. Akamva kulira kuja kosiya timizere ta mafunde, ena amasintha liwiro lozungulira mpaka kulirako kutatha. Kampeni kakatha, dzanja la makina limakacotsa ndi kuika kena kocokera m'nkhokwe yake. Ndipo cinthu cikafika poipa, makina amaima okha, nyali yofiira niyaka, kuitana munthu. Nzeru yakuti makina aziima okha siinayambe ndi kompyuta. Sakichi Toyoda wa ku Japan anapanga makina oombera nsalu amene ankaima ulusi umodzi ukaduka, ndipo ochuka kwambiri anatuluka mu 1924. Banja lake ndilo linadzayambitsa kampani ya Toyota, kumene wanchito wamba anapatsidwa mphamvu yokoka cingwe coitana thandizo ndi kuimitsa nchito akaona colakwika.

Titamva zonsezi tinapumira m'mwamba, ndipo mmodzi wa ife anati: "Ndiye kuti kwanuko makina saonongeka. Tikanakhala ndi zipangizo zotere, mkono wa mwana uja ukanakhala wabwino."

Mwana wa mlongo wathu anapukusa mutu.

"Ai, amalume. Nyali yofiira imayaka ndithu, koma palinso batani loizimitsira."

Anatifotokozera kuti masensa nthawi zina amanama. Amaimitsa makina pamene palibe vuto, mwina cifukwa citsulo ca tsikulo ndi colimbirapo, mwina waya wagwedera. Zikacitika kawiri katatu anthu amatopa nawo. Tsono likafika tsiku limene katundu wacedwa, galimoto yodzanyamula iri pakhomo, pamapezeka kapitao amene amalamula kuti malire aja akwezedwe kapena cenjezo lizimitsidwe, kuti ayambe amaliza nchito ya tsikulo. Iye mwini anaonapo makina a ndalama zosaneneka ataonongeka motero, ngakhale kompyuta inali italemba cenjezo lake momveka bwino masiku awiri m'mbuyo.

Moto unali utazirala, ndipo kwa kanthawi panalibe wolankhula. Kwa zaka zambiri tinkadzitonthoza kuti ngozi yathu inadza cifukwa ndife osauka, a cigayo cakale copanda zipangizo. Usiku umenewo citonthozo cimeneco cinatithera. Pa cigayo cathu masensa analipo atatu: khutu la mnyamata uja Lolemba, makutu athu omwe, ndi cikhato ca atate Laciwiri. Onse atatu ananena zoona, ndipo ananena nthawi idakalipo. Cimene cinasowa ndi munthu wovomera kutaya ndalama za tsiku limodzi. Kapitao wa ku Johannesburg ndi ife a kwa Mwase tinanena mau amodzimodzi: tiyambe tamaliza mzerewu.

Sitikunyoza makina anzeruwo ai. Amamva zimene khutu silingamve, satopa, sagontha ndi ukalamba monga anagonthera atate, ndipo amalola munthu kuima kutali ndi citsulo couluka. Kuno kwathu nakonso akubwera pang'onopang'ono. Kuyambira mu 2015 boma linagawa zigayo za mphamvu ya dzuwa ku makopaletivu m'zigawo zambiri za dziko, ndipo kumene kwafika magetsi zigayo ndi makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa zimayendera mota. Mota yoikidwa bwino imakhala ndi kacipangizo kodula magetsi ikalemedwa kapena ikatentha. Kameneka ndi kamlongo kakang'ono ka masensa a m'mafakitale aja. Koma ndani mwa ife sanaonepo mwini makina akumanga waya kuti akalumphe, ati cifukwa kakumucedwetsa? Mota ikapsa amati kwacita anthu.

Kwa makolo amene ana anu akufuna kuphunzira za makina, tikuti alimbikitseni pa masamu ndi kompyuta, pakuti amene adzayendetsa makina a m'tsogolo adzafunika zimenezi. Koma musawaletse kukhala pansi ndi amisiri akale a pa cigayo, a pa galaji ndi osema zitsulo. Kompyuta imaphunzira pa zitsanzo, ndipo pamafunika munthu woiuza kuti liu ili ndi la makina amoyo, ili ndi la makina odwala. Amene sanamvepo yekha kusiyana kwake adzangokhulupirira ciriconse cimene nyali yanena, kapena adzaizimitsa ikamutopetsa. Mwana wa mlongo wathu akuti anzake amadabwa kuti iye amadziwa msanga pamene sensa ikunama. Yankho lake ndi lakuti ali wamng'ono ankakhala pa miyendo ya agogo ake, cigwiriro ca sikuludiraiva ciri pa khutu.

Pa cigayo cathu tinasintha zinthu zingapo, ndipo palibe ca mtengo wapatali. Tinagula kacipangizo koyesera kutentha kamene munthu amangolozetsa pa beringi ali cakutali. Tiri ndi kope m'mene timalemba kutentha kwa m'mawa ndi kwa masana, tsiku lothira girizi, ndi tsiku lotembenuza nyundo, kotero kuti nambala ikayamba kukwera timaiona sabata isanathe. Aliyense wolowa m'kati amavala zotseka makutu. Koma lamulo lalikulu ndi ili: munthu aliyense wa pa cigayo, ngakhale amene walembedwa dzulo, akamva cacilendo azimitse injini osayamba wafunsa, ndipo sadzadulidwa malipiro kapena kudzudzulidwa.

Mnyamata uja tsopano ndi bambo wa ana anai, ndipo ndiye woyang'anira cigayo. Sikuludiraiva ya atate iri m'manja mwake, amaigwira ndi zala zitatu. Pa nyengo yokolola yapitayi anazimitsa injini cakumasana, panja pali matumba oposa makumi awiri, nati akumva kugogoda kumbali ya pule. Amai ena anadandaula, ena ananyamula cimanga cao kupita ku cigayo cina. Tinamasula zonse, tinatsuka beringi, tinayang'ana nyundo imodziimodzi, koma sitinapeze vuto liri lonse. Dzuwa linalowa tisanagaye kanthu. Iye anaima pakhomo ndi nkhope yamanyazi nati:

"Pepani, abwana, ndakutayitsani ndalama pacabe."

Tinamuuza kuti akapume, ndi kuti akadzamvanso kugogodako adzazimitsenso. M'mawa mwake tinayamba kugaya tambala atangolira kaciwiri, ndipo pofika masana mzere unali utatha.